Pouma pa Namanyazi

9 Epulo

Akazanga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino inu ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa kaja kamene kamandiyendera nyengo ikamasintha, koma sikoti munthu n'kugona nako. Kalatayi ndapatsira adalaivala a thiraki aja, pamodzi ndi kangachepe ndi nsapato za Chisamba. Zikamuthina musamukakamize, musungire Kamlendo adzavale akadzakula. Pa foni mawu amatha tisanayambe n'komwe, inu "tili bwino", ine "ndili bwino", basi yaduka. Ndiye ndati ndizilemba, mundimve bwinobwino.

Ntchito ya zomangamanga ija inatha. Mmene inathera ndidzakuuzani pamaso. Panopa ndalembedwa pa nyumba ina, kusamalira bambo wina wokalamba. Moyo wawo wonse anali wodula magalasi, ndiye anthu a mu msewu muno amangowatcha a Magalasi. Akazi awo anamwalira chaka chatha, ndipo kuchokera pamenepo bambowa ali chigonere. Si matenda oti dokotala n'kuwaloza ndi chala ayi. Miyendo ilipo, mano alipo, koma tsiku lonse amangoyang'ana khoma. Ndikawapatsa chakudya amalawa pang'ono n'kukankha mbale. Amene anandilemba ntchito ndi mwana wawo wamkazi, ine ndimawatcha Adona. Amagwira ntchito kutali, kuno amabwera Loweruka lokha. Andipatsa kachipinda kuseri kwa galaja, kali ndi zenera komanso loko wangawanga, chinthu chimene sindinakhalepo nacho chibwerere kuno.

M'nyumbamu tilimo anayi, chifukwa mulinso akamba awiri. Musaseke. Ndi akamba a m'madzi, aja ena amati nkhasi, aakulu ngati chikhatho changa. Anali a malemu mayi. Ndinawapeza kukhitchini ali m'beseni lochapira, madzi ake obiriwira, fungo lake loti mlendo n'kubwerera pakhomo. Mmodzi ndi wamwano, amakankha mnzake pa chakudya, ndiye ndamutcha Kapitawo pokumbukira uja wa ku zomangamanga. Winayo akangoona chithunzithunzi cha munthu amabweza mutu m'chigoba, ameneyo ndi Namanyazi. Paja amati kamba amanyera wom'tola, ntchito yowasinthira madzi yagwera ine.

Adona ndi munthu wosabisa mawu. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti, "Nyengo yozizira ikatha bambo akadali chigonere, ndiwapititsa ku nyumba yosungirako okalamba, nyumba ino tigulitsa. Sindikufuna kukunamizani." Ndinawathokoza ponena zoona. Ndiye mwaona pamene ndaima. Bambowa akadzuka, ntchito ilipo, ndipo ndingathe kubwera kudzaona Kamlendo ndili ndi pobwerera. Akapanda kudzuka, ndiyambanso kugogoda m'mageti, za ulendo n'kuiwala. Zimandiwawa kuti mwana wanga ndimamudziwira pa chithunzi.

Chitseko cha kuchipinda chija, uzani achimwene anu, alamu anga akalipentala, adzachikonze kusanazizire. Musamangochimanga ndi chingwe.

Ndine wanu,
bambo a Chisamba


3 Meyi

Akazanga,

Moni kwa inu ndi ana. Ndamva kuti nsapato zamukwana Chisamba ndipo akugona nazo. Muuzeni kuti nsapato nazo zimafuna kupuma. Ine ndili bwino. Kuno kwayamba kuzizira, ndipo zinthu m'masitolo zakwera mtengo, n'chifukwa chake kangachepe ka ulendo uno kachepa zenizeni. Muyambe mwalipira za kusukulu, zina zidikire.

A Magalasi palibe chasintha. Ndimawasambitsa, kuwameta, kuwatsegulira zenera, iwo osanena kanthu. Koma ndaona chinthu chimodzi. Ndikamadutsa pakhomo la chipinda chawo nditanyamula beseni la akamba, amatembenuza mutu. Kwa mwana wawo weniweni satembenuka, koma kwa beseni.

Sabata yatha ndikusintha madzi ndinagwira Namanyazi, ndipo ndinamva chigoba chake chikubonyoka m'mphepete ngati sopo wonyowa. Ndinaganiza kuti kamba ameneyu akangofa, kutembenuka kwa mutu kuja kutheranso pomwepo. Ndinamuika m'katoni n'kupita naye ku sitolo yogulitsa za ziweto, pafupi ndi pokwerera basi. Mwini wake ndi mayi wina wamfupi, wolankhula mothamanga ngati akuthamangitsidwa. Anamugwira Namanyazi, kenako n'kundiyang'ana ine ngati ndaba.

"Amakhala muti?"

Ndinati m'beseni, ndipo ndimawaika pazenera kuti aziwothera dzuwa.

"Zenera lotseka? Galasi limadutsitsa kuwala kokha, mphamvu ya dzuwa imene imalimbitsa chigoba imatsala kunja. Nanga pouma ali napo?"

Ndinati pouma pa chiyani, poti ndi akamba a m'madzi. Mayiwo anagwira m'chiuno. Akuti kamba wa m'madzi si nsomba. Amadya m'madzi, amasambira m'madzi, koma tsiku lililonse ayenera kutuluka thupi lonse, kukwera pamalo pouma n'kuuma mpaka kumimba. Akapanda kutero chigoba chimafewa, kenako chimaola. Pamwamba pa malo oumawo pamafunika nyale ziwiri, ina yotenthetsa, ina yochita ntchito ya dzuwa. Pamafunika thanki ya galasi yaikulu, yakuya koti kamba akagwa chagada azitha kudzitembenuza, chotenthetsera madzi, ndi makina osefa madzi amphamvu, chifukwa akuti kamba mmodzi amadetsa madzi kuposa nsomba zodzaza ndowa. Anayamba kufotokoza za katsukidwe ka sefayo, koma kunalowa munthu ndi galu wamkulu wofuna kudya mbalame za m'sitolomo, ine n'kutuluka. Mumtima ndinati za kutsuka asandiphunzitse munthu, imeneyo ndiye ntchito yanga.

Loweruka ndinawafotokozera Adona. Anati nyale, sefa ndi chotenthetsera agula, poti akambawo anali a mayi awo. Koma atamva mtengo wa thanki anapukusa mutu. Sindikuwada, nawonso asenza zambiri, ndipo munthu sagulira thanki nyumba imene akuganiza zoigulitsa.

Koma m'galaja muli magalasi ambirimbiri otsamira khoma, ena ochindikala ngati chala changa. Zida zodulira ziliponso. Adona ati nditenge zimene ndikufuna. Ndinaonapo anthu akudula galasi ku zomangamanga, si nkhani yovuta.

Alamu anga abwera za chitseko chija? Apatseni moni, muwauze kuti kuzizira sikudikira kalipentala.

Wanu yemwe uja


24 Meyi

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili bwino, chala chimodzi chokha ndi chimene chili m'bandeji, koma musade nkhawa, chikadali changa. Khalani pansi muwerenge bwino, lero ndili ndi nkhani.

Lachiwiri m'mawa nditawasiya a Magalasi ndi tiyi wawo, ndinalowa m'galaja. Ndinayala bulangete lakale pa tebulo, n'kugoneka galasi lalikulu. Ndinatenga kachitsulo kodulira, kamene kali ndi kagudumu kakang'ono kunsonga, n'kukoka mzere potsata thabwa. Nditauyang'ana mzerewo unandionekera wosazama, ndiye ndinabwereza pomwepo. Kachitsulo kanalira khwee, ngati mphaka wapondedwa mchira. Ndinabwerezanso kachitatu kuti nditsimikize.

Chipinda cha a Magalasi chagundana ndi galaja. Ndinangomva mawu kuseri kwa khoma, mawu aakulu amene sindinawamvepo m'nyumba muno.

"Ndani akundiphera kodulira kanga?"

Ndisanayankhe ndinamva phazi, kenako lina. Atulukira pakhomo la galaja ndi zovala zogonera, opanda nsapato, atagwirira mphuthu ya chitseko, tsitsi lili nyankhalala.

"Galasi salidula kawiri, iwe. Umakoka kamodzi, n'kumva likuimba, basi. Ukabwereza waononga kagudumu, ndipo galasi lithyokera kumene likufuna lokha. Talithyola uone."

Ndinalikanikiza. Linathyoka mokhota, n'kundicheka chala chija. Iwo osandimvera n'chisoni komwe, anangoti, "Waona?" Kenako anafunsa chimene ndikufuna kupanga ndi galasi lawo. Ndinawauza kuti ndi nyumba ya akamba a mayi, chifukwa Namanyazi chigoba chayamba kufewa. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa potchula malemu. Kenako anati, "Kamange chalacho. Ubwere ndi mpando ndi jekete langa."

Akazanga, manja amene amanjenjemera akanyamula kapu ya tiyi, atagwira kachitsulo kaja anasiya kunjenjemera. Anaviika kagudumu m'palafini, ine nditagwira thabwa, n'kukoka kamodzi kokha kuchoka uko kufika kuno. Phokoso lake linali lofewa ngati mukung'amba nsalu yatsopano. Anagogoda pang'ono kunsi, galasi n'kulekana lokha, mzere wake woongoka bwinobwino. Tinadula zidutswa ziwiri tsiku limenelo, atatopa ndinawaperekeza kuchipinda.

Pobwerera anaona silikoni amene ndinagula womatira magalasiwo. Anamuwerenga atamuyandikitsa kumaso n'kumuponya m'bini. Akuti ameneyo ndi wa kubafa, muli mankhwala opha chuku, akanapha akamba onse awiri. Andilembera dzina la woyenera pa chikhatho changa ndi bolopeni, ati papepala ndingataye.

Madzulo ake anamaliza mbale yonse, n'kudandaula kuti mchere wachepa. Sindinakondwepo chonchi ndi munthu wonyoza kuphika kwanga. Adona ndinawauza pa foni, koma anangoti, "Tione." Nawo akuopa kukondwa msanga.

Mwati Kamlendo wayamba kuima atagwira mpando. Chotsani mbaula pafupi.

Ndine mwamuna wanu wa zala khumi


20 Juni

Akazanga okondedwa,

Moni nonse kumeneko. Pepani ndachedwa kulemba, adalaivala anasintha njira, komanso kuno tinatanganidwa. Ndili bwino, kachifuwa kokha ndi kamene kakukana kusamuka. Kachipinda kanga kamazizira m'bandakucha, koma munthu amazolowera.

Thanki yatha. Ndikanakonda mukanaiona. Ndi yaitali ngati bedi la Chisamba. Tinakhula m'mphepete mwa magalasi ndi mwala mpaka osachekanso, tinapukuta ndi sipiriti, n'kumata ndi silikoni woyenera uja, ine ndikugwira, iwo akulamula. Kulamula ndiye amatha. Tinaisiya mpaka fungo lake la ngati viniga litatheratu. Kenako tinaitulutsa panja, n'kuikhazika pa nyuzipepala zouma, n'kuidzaza madzi kuti tione ngati ikudontha. M'mawa uliwonse a Magalasi amayenda okha ndi ndodo kukagwira nyuzipepalazo. Atapeza kuti ndi zouma anati, "Ndani anamata?" Ndinati inu. Anati, "Ndimangofuna ndimve."

Taiika pabalaza, patali ndi zenera, pa tebulo lawo lachitsulo la m'galaja, chifukwa madzi amenewo ndi olemera kuposa inu, ine ndi alamu anga titakhala mpando umodzi. Pansi taikamo miyala yosalala yaikulu kuposa mutu wa kamba, poti timiyala ting'onoting'ono akuti amameza. M'madzi a pampopi timadonthezamo mankhwala ochotsa kololini. Chotenthetsera chili m'kachikwama kake ka pulasitiki kuti Kapitawo asachiswe. Koma chimene a Magalasi akunyadira ndi pouma. Anadula kashelefu ka galasi, n'kukamata m'mbali mwa thanki pamwamba pa madzi, n'kumatapo mwala waphanthiphanthi wokhakhala kuti zikhadabo zizigwira, ndi kanjira kotsetsereka kolowa m'madzi. Pamwamba pake palendewera nyale ziwiri zija. Kuyatsa m'mawa ndi kuzimitsa madzulo ndi ntchito yawo, sandilola kukhudza.

Tsiku lowasamutsa, Kapitawo anangofika n'kuzungulira thanki yonse ngati wagula yekha. Dzuwa lisanapendeke anali atakwera kale pamwala, khosi lili neng'a. Namanyazi anathawira pansi pa kashelefu, ndipo mpaka lero sanakwerepo. A Magalasi akuti malemu mayi ankamukonda kwambiri ameneyo, ankamudyetsa masamba pamanja. Aka kanali koyamba kuwatchula akazi awo ine ndikumva.

Adona anabwera Loweruka n'kuwapeza bambo awo pabalaza atavala malaya. Anaima pakhomo nthawi yaitali chikwama chili m'manja. Za nyumba sananene kanthu, ndipo ine sindinafunse.

Inu mumanditcha waulesi pa zotsuka mbale, mubwere mudzaone. Siponji ya mu sefa ndimaichapa tsiku ndi tsiku ndi sopo ndi madzi otentha mpaka kuyera mbee. Madzi ndimataya onse kawiri pa sabata, miyala n'kuikwecha ndi bulashi. Ndikamaliza ndimasamba m'manja bwinobwino, poti akamba akuti amanyamula matenda a m'mimba. M'nyumba muno simudzamvekanso fungo.

Musauze ana kaye, koma zikapitirira chonchi, mwina Seputembala.

Mwati alamu anga anabwera, n'kuyeza chitseko, n'kumwa tiyi, n'kupita. Kuyezako ndi chiyambi, tiwathokoze.

Wanu


12 Julayi

Akazanga,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo. Sindilemba zambiri.

Madzi a m'thanki ayera ngati muli mkaka. Ndikamawasintha m'pamene akuipiraipira. Namanyazi maso atupa, atsekeka, wasiya kudya. Kapitawo nayenso akungodzikanda kumaso.

A Magalasi anaima pa thanki Lamlungu, anayendetsa chala m'makona monse mmene tinamata, n'kubwerera kuchipinda. Chiyambire tsiku limenelo sanatulukenso. Nyale ndikuyatsa ndine. Mbale zikubwerera zodzaza.

Dzulo Adona anabwera ndi bambo wina wa tayi, amene anayeza zipinda zonse ndi tepi n'kujambula zithunzi. Anajambula ndi kachipinda kanga komwe. Potuluka Adona anandigwira paphewa, maso ali ofiira. Sindinawafunse.

Za Seputembala zija, ndi bwino kuti simunawauze ana. Ulendo uno ndangotumiza sopo ndi kajuzi ka Kamlendo. Pa foni munandifunsa za kutsokomola kumene munamva. Ndi fumbi la m'galaja, musaganize zambiri.

Mundipempherere.

Bambo a Chisamba


2 Ogasiti

Akazanga okondedwa,

Moni inu ndi ana. Choyamba, ndinamvera mawu anu, ndinapita kuchipatala. Akuti ndi chifuwa cha kuzizira, si chija mumaopa. Andipatsa mapiritsi ndipo ndikupeza bwino. Munakalipa pa foni mpaka mayunitsi kutha, koma munali ndi chifukwa.

Tsopano mverani za mwamuna wanu waukhondo. Paja safunsa anadya phula. Nditakulemberani kalata ija ndinatenga Namanyazi ndi botolo la madzi a m'thanki n'kupita kwa mayi a sitolo aja. Anadonthezamo mankhwala oyezera, madzi n'kusintha mtundu, iwo n'kundifunsa kuti sefa ndimaitsuka bwanji. Ndinawafotokozera monyadira, sopo, madzi otentha, tsiku ndi tsiku. Anakhala pansi pa thumba la chakudya cha agalu n'kudzigwira kumutu.

"Bambo inu, ndi zimene ndinkakuuzani tsiku la galu lija, munatuluka ndili pakati. M'siponji muja mumakhala tizilombo tabwino, tosaoneka ndi maso. Ndi timene timadya zoipa zimene akamba amatulutsa. Timatenga masabata kuti tichuluke, ndiye inu m'mawa uliwonse mumatipha ndi sopo. Mkodzo wa akamba ukungotsala m'madzi n'kumawawotcha maso."

Ndinati ndiye kuyera kuja kunali kulakwa? Anati siponji ya sefa siyenera kuyera. Imangofunika kuifinya pang'ono m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki momwemo, ndipo pokhapokha madzi akayamba kuyenda mofooka. Madzi osataya onse, kungochotsako gawo limodzi mwa magawo anayi pa sabata. Kenako anatsegula sefa ya thanki yawo, n'kutulutsa siponji yakuda bii, yoterera, n'kundiikira m'jumbo muli timadzi. Ati ndikaike mu sefa yathu kuti tizilombo tabwino tiyambire pamenepo. Taganizani, ine munthu wolembedwa ntchito yochotsa litsiro, ndinakwera basi nditafungatira litsiro la eni ake ngati mazira. Namanyazi ndinapita naye kwa dokotala wa ziweto, anamupatsa mankhwala odontheza m'maso. Analipira ndi Adona.

Nditafika ndinalowa kuchipinda kwa a Magalasi. Anali atayang'ana khoma. Ndinakhala pampando n'kuwafotokozera zonse, za sopo, za madzi otentha, za tizilombo. Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ndiye si silikoni?"

Ndinati ayi, bambo.

"Si thanki yanga?"

Ndinati thanki ilibe mlandu, wolakwa ndi sopo ndi mwini wake.

Akazanga, masiku onsewa munthu wamkulu ameneyu ankaganiza kuti ndi iye wadwalitsa kamba wa akazi ake ndi ntchito ya manja ake. Ankati mwina maso amunamiza, wandilembera silikoni wolakwika. N'chifukwa chake anabwerera kukagona. Anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa bulangete, kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka kutsokomola. "Galasi umadula katatu, siponji umachapa tsiku ndi tsiku. Iwe vuto lako ndi khama."

Mankhwala a m'maso timadontheza tili awiri. Ine Namanyazi akandiona amabweza mutu, koma iwo amamugwira n'kumamuyankhula motsitsa mpaka atatulutsa khosi. Madzi ayamba kuwala, diso limodzi latseguka, dzana wadya katsamba. Atamva za chifuwa changa, a Magalasi analamula kuti chotenthetsera cha m'chipinda mwawo chipite kwa ine, ati iwo masana amakhala pabalaza, usiku ali ndi mabulangete.

Bambo wa tayi uja waimba kawiri. Adona ati aganiza pofika kumapeto kwa mwezi uno. Akuopa kuti bambo awo adzukanso lero n'kugwanso mawa, ndipo ine sindingawatsutse, poti zinachitikadi.

Mwati Kamlendo akuyenda ndipo akaona foni amati "baba". Ndinaseka, kenako ndinapita kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Wanu nthawi zonse


1 Seputembala

Akazanga okondedwa, mayi a Chisamba ndi Kamlendo,

Moni wa mafuta kwa nonse. Ine ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona zokhazokha. Chifuwa chatha. Kunja kwayamba kufunda.

Maso a Namanyazi anachira, koma vuto loyamba lija linali likadalipo. Pouma sanali kukwerapo, ndipo popanda kuuma pansi pa nyale chigoba sichingalimbe. Kumukweza ndi manja sikuthandiza, amangodziponya m'madzi. Mayi a sitolo anati kamba wamanyazi amakwera pokhapokha m'chipinda mukakhala bata, popanda choyenda, komanso mnzake wamwano asakhale atatsekereza njira. A Magalasi atamva anati imeneyo aisiyire iwo.

Ndiye mwezi wonsewu zakhala chonchi. Amadzuka okha m'mawa, amasamba, amadzimeta, amavala malaya ndi nsapato ngati akupita ku ntchito. Amayatsa nyale. Ine ndimatenga Kapitawo kukamudyetsera m'beseni kukhitchini, zimenenso zimathandiza kuti madzi asade msanga. Iwo amakhala pa mpando wa malemu mayi, umene sankalola munthu kuukhudza, n'kukhala phee osagwedeza ndi chala chomwe. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Namanyazi amatulutsa mphuno, n'kuyang'ana, n'kubwerera. Tsiku lina anaika mwendo umodzi pa kanjira kaja. A Magalasi anandiuza nkhani ya mwendo umenewo tsiku lonse.

Loweruka lapitali Adona anabwera m'mawa kuposa masiku onse. Ndinadziwa kuti abwera ndi yankho. Analowa pabalaza nsapato zikulira go go go. Bambo awo osatembenuka, anangokweza chala chimodzi n'kunong'ona kuti, "Vula nsapato, ukhale pansi." Adona, munthu wamkulu wolamula anthu ku ntchito kwawo, anavula nsapato n'kukhala pa kapeti. Ine ndinaima pakhomo la khitchini, Kapitawo akukanda beseni kumbuyo kwanga.

Namanyazi anatulutsa mutu. Anaika mwendo, n'kuika wina, n'kuterereka. Ndinaluma mlomo. Anayesanso, zikhadabo zinagwira mwala, n'kudzikoka mpaka thupi lonse linatuluka m'madzi. Anafika pansi pa nyale, anatambasula miyendo yakumbuyo, n'kutalikitsa khosi, n'kutsinzina. Tinakhala choncho mpaka chigoba chinauma, chikuoneka mizere yake. Nditayang'ana Adona, sanali kuyang'ana kamba ayi. Ankayang'ana bambo awo, ometedwa bwino, atakhala pa mpando wa mayi awo, misozi ikuyenda osaipukuta.

Pambuyo pake anandipeza kukhitchini. Anati, "Bambo wa tepi uja ndimuimbira Lolemba. Nyumba sitikugulitsa. Mukhala nafe?" Ndinangogwedeza mutu kuvomera ngati mwana.

Tikumwa tiyi a Magalasi anandifunsa ngati mwana wanga wamng'ono ndinamunyamulapo. Ndinati ayi, anabadwa nditachoka kale. Anaika kapu pansi n'kuyang'ana mwana wawo. "Munthu uyu apite kwawo mwezi umodzi. Akamba ndidyetsa ndekha. Sefa ndikuidziwa, sindiichapa ndi sopo ngati anthu ena." Adona anati atenga tchuthi, adzagona konkuno mpaka nditabwerera. Ndinayesa kunena kuti mwina tidikire pang'ono, bambowo n'kundidula. "Wakhalitsa m'madzi iwe. Pita ukaume, chigoba chingafewe."

Ndiye auzeni ana tsopano. Ndinyamuka ndi adalaivala omwe aja ulendo wawo wotsatira, kalatayi ingonditsogolera pang'ono. Kamlendo akandithawa musamukakamize, ndaphunzira kukhala phee mpaka wamanyazi atabwera yekha.

Alamu anga muwauze kuti asavutikenso. Chitseko chija asachikhudze munthu. Chisiyeni ndi chingwe chake chomwecho, ndidzachikonza ndekha.

Ndine mwamuna wanu, amene ali m'njira